Feni ya masamba onga a karoti pa mitengo ya phiri la Zomba: dzina lake ndi liti?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Zomba. Mwezi wa June ndinakwera phiri ndi ophunzira anga, ndipo m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi tinapeza feni yomera pa nthambi zokutidwa ndi ndere. Masamba ake ndi ogawikanagawikana ngati a karoti, otalika masentimita pafupifupi 20, onenepa pang'ono ukawagwira, ndipo onse amatulukira pa chitsa chimodzi. Kunsonga kwa tizigawo ta tsamba kuli timatuza tofiirira. Pulogalamu ya pa foni inatipatsa mayina atatu pa zithunzi zitatu za chomera chimodzi chomwecho: Asplenium aethiopicum, Asplenium rutifolium ndi Davallia. Kodi tikhulupirire liti?

Yankho: Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha funso lanu, makamaka poti mwafotokoza za timatuza tofiirirato ndi malo amene tili, pakuti anthu ambiri ofunsa za mafeni amangotumiza chithunzi cha tsamba lojambulidwa chapatali. Malinga ndi zimene mwalemba, palibe dzina mwa atatuwo limene likugwirizana kwathunthu ndi chomera chanu, ngakhale kuti awiri mwa iwo sanaphonye patali. Ine ndikuona kuti feni imene munapeza ndi Asplenium theciferum, ndipo chimene chandifikitsa pamenepo ndi mawu anu akuti timatuzato tili kunsonga kwa tizigawo. Ndifotokoza njira imene ndadutsa, kuti mukadzakweranso phirilo mukatsimikize nokha pamodzi ndi ophunzira anu, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kuonedwa ndi maso pa chomera chenichenicho.

Pulogalamu ya pa foni imayerekeza chithunzi chanu ndi zithunzi zina zambiri zimene inapatsidwa kale, choncho imadalira kwambiri maonekedwe a tsamba lonse. Pa zomera za maluwa njira imeneyi imathandiza ndithu, koma pa mafeni imasokeretsa kawirikawiri. Tsamba logawikana ngati la karoti limapezeka m'mabanja angapo a mafeni amene sali pachibale n'komwe, komanso feni ya mtundu umodzi imasintha maonekedwe malinga ndi pamene yamera, moti ya pamthunzi ponyowa imakhala ndi masamba aatali ndi ofewa pamene inzake ya pa thanthwe lowomba dzuwa imakhala yaifupi ndi yokhakhala. Popeza mafeni alibe maluwa kapena zipatso, akatswiri amawasiyanitsa poyang'ana ziwalo zina. Mafeni amaberekana ndi timbewu tonga fumbi, timene mabuku a kusukulu amatitcha spores, ndipo timbewuti timakhala m'timatumba tosonkhana m'magulumagulu kunsi kwa tsamba. Gulu lililonse limatchedwa sorus, koma m'yankho lino ndizilitcha chisa cha timbewu. Maonekedwe a chisacho, malo amene chili ndi mmene chaphimbidwira, ndizo zimene zimagwira ntchito imene duwa limagwira pozindikira zomera zina.

Tiyambe ndi fuko lake. Asplenium ndi limodzi mwa mafuko akuluakulu a mafeni, lokhala ndi mitundu pafupifupi 700 padziko lonse, ndipo dzinali analikhazikitsa mu sayansi ndi Carl Linnaeus m'chaka cha 1753. Linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kapamba, chifukwa asing'anga akale a ku Greece ndi ku Rome ankakhulupirira kuti feni ina yaing'ono ya fukoli, yomera pa makoma ndi m'ming'alu ya miyala ya kumeneko, imachiritsa kapamba wotupa. Dzinalo linangotsalira, ndipo ophunzira anu asalitenge ngati umboni wa mankhwala, pakuti kwathu kuno kapamba wotupa nthawi zambiri amabwera ndi malungo kapena likodzo, ndipo mwini wake ayenera kupita kuchipatala. Chizindikiro chodziwika kwambiri cha fukoli ndi chakuti chisa cha timbewu chimakhala chachitali ngati kamzere, chimagona motsatira kamtsempha ka tsamba, ndipo chimakhala mbali imodzi yokha ya kamtsemphako. Pamwamba pake pali kakhungu kopyapyala komata ku kamtsempha m'litali mwake monse, kamene kamatsegukira mbali imodzi ngati chikuto cha buku. Mafeni a fuko la Diplazium, amene amakonda pansi ponyowa m'mbali mwa mitsinje ya m'nkhalango zomwezi, nawonso ali ndi timizere, koma tina mwa ito timakhala tiwiritiwiri mofulatirana, mbali zonse ziwiri za kamtsempha kamodzi. A fuko la Pteris amabisa timbewu tawo m'mphepete mwa tsamba, pansi pa mphepete yopindika ngati mpendero wa nsalu.

Apa mukhoza kundifunsa kuti, nanga feni yathu ilibe timizere koma timatuza, ikukhala bwanji m'fuko la Asplenium? Funsolo ndi loyenera, ndipo ndi chifukwa chake tiyenera kuyang'ananso zizindikiro zina ziwiri zimene sizisintha ngakhale tsamba litagawikana chotani. Choyamba ndi mamba a pachitsa. Pamene mapesi a masamba amatulukira pali timamba takuda moderako, tosongoka, timene timateteza masamba anthete asanafunyuluke. Chotsani kamodzi ndi phini, kaikeni pa pepala loyera kapena pa kagalasi, ndipo kayang'aneni ndi galasi lokulitsa zinthu kakhumi, kapena bwino koposa ndi maikulosikopu ya kusukulu kwanu. Mu Asplenium kamamba kameneka kamaoneka ngati sefa: makoma a maselo ake ndi akuda ndi okhuthala, pamene pakati pa selo lililonse pamaonekera kuwala. Mu Diplazium ndi m'mafeni ena ambiri mamba amakhala a mtundu umodzi ponseponse, ngati kachidutswa ka pepala la khaki. Chizindikiro chachiwiri chimafuna lezala. Mukadula phesi la tsamba mopingasa pafupi penipeni ndi chitsa, mumapeza timitsempha tiwiri todutsa madzi, tokhota ngati zilembo za C ziwiri zofulatirana, ndipo mukadula chakumtunda mumapeza kuti talumikizana n'kupanga chilembo cha X. Mu Diplazium timitsempha tiwirito timalumikizana n'kupanga U. Pa feni yaing'ono ngati yanuyi kulumikizanako kumachitika pansi kwambiri, choncho musadabwe mukapeza kamtsempha kamodzi kokha pa malo ambiri amene mwadula. Ntchito iwiriyi ndi yosavuta, ndipo ndikuona kuti ingakhale phunziro labwino la m'labotale kuposa kujambula tsamba pa bolodi.

Za dzina la Davallia, foni yanu yalakwitsa mofanana ndi mmene analakwitsira katswiri weniweni zaka zoposa 200 zapitazo. Pakati pa 1799 ndi 1804, Alexander von Humboldt ndi Aimé Bonpland anayenda m'maiko a ku America akutola zomera, ndipo Carl Kunth, amene anapatsidwa ntchito yolongosola zimene anatolazo, ataona zisa zonga timatumba za feni imeneyi anaiika m'fuko la Davallia n'kuitcha Davallia thecifera. Mawu achiwiriwo amatanthauza chonyamula kabokosi, kunena timatuza tomwe munaona tija. Pambuyo pake ena anaipangira fuko lakelake lotchedwa Loxoscaphe, dzina limene mungalipezebe m'mabuku ena, mpaka Georg Mettenius anaisamutsira ku Asplenium. Mamba ake onga sefa amachitira umboni kusamutsako, ndipo kafukufuku wa DNA wa m'nthawi yathu ino waikanso feniyi pakati penipeni pa fukoli. Kathumba kamene kamaoneka kachilendoko ndi kakhungu komweko ka Asplenium, kungoti kagawo ka tsamba kachepa kwambiri moti kamzere kafupika, ndipo m'mbali mwa kakhungu mwamatana ndi tsamba.

Kuchotsa Davallia pa mndandanda wanu n'kosavuta, ndipo mwandipatsa kale umboni wake polemba kuti masamba onse amatulukira pa chitsa chimodzi. Davallia imene imapezeka kuno, Davallia chaerophylloides, ili ndi tsinde lalitali lokwawa pa khungwa la mtengo kapena pa thanthwe, lonenepa ngati pensulo kapena kuposa, lokutidwa ndi mamba ambiri, ndipo masamba ake amatuluka limodzilimodzi motalikirana. Masambawo ndi aakulu, otambalala kumunsi n'kusongoka kumtunda, ndipo phesi lililonse lili ndi mfundo pamene limakumana ndi tsinde, moti m'chilimwe tsamba limathothoka pamfundopo n'kusiya tsinde lokha. Feni yanu ya masamba a masentimita 20 osonkhana pamodzi ngati tsinde la anyezi siingakhale imeneyi.

Asplenium aethiopicum nayonso ndi yosavuta kuichotsa, koma ndi bwino kuti ophunzira anu aidziwe, chifukwa ndi imodzi mwa mitundu ya fukoli imene munthu amakumana nayo kawirikawiri m'mapiri mwathu, pa miyala, pa zitunda za m'mbali mwa msewu, pa mitengo ndi pa makoma akale. Phesi lake ndi lakuda kapena loderapo kwambiri, makamaka kumunsi, ndipo limakhala ndi timamba tonga ubweya. Tizigawo ta tsamba lake ndi topapatiza kumunsi, totambalala kumtunda, ndipo nsonga zake ndi zamanomano mosalongosoka ngati kuti mbozi yalumako. Timitsempha take timamwazika ngati zala za dzanja lotambasula, ndipo pa kagawo kamodzi pamakhala timizere ta timbewu tingapo, tina tatitali tina tatifupi, tonse totsatira timitsemphato. Tsambalo ndi lolimba ngati chikopa, ndipo kukauma limapindika n'kuoneka ngati lafa, koma mvula ikagwa limatambasukanso. Foni imakonda kutchula dzinali chifukwa feniyi ndi yofala kwambiri, kuyambira ku Cape mpaka ku Ethiopia, ku India, ku Australia ndi kuzilumba zina, choncho zithunzi zake n'zochuluka. Dzina lakuti aethiopicum lisakusokonezeni: pamene Nicolaas Burman ankailongosola koyamba mu 1768, mawuwa ankatanthauza Africa mwachisawawa, osati dziko la Ethiopia lokha. Ndionjeze kuti pansi pa dzina limodzili pali zomera zosiyana kuchuluka kwa makromozomu, timaulusi ta m'kati mwa selo timene timasunga chibadwa cha chomera. Maziko a fuko la Asplenium ndi makromozomu 36, ndipo mu aethiopicum muli zina zokhala ndi maziko amenewa kanayi, zina kasanu n'katatu, zina kakhumi ndi kawiri. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene feniyi imaonekera mosiyanasiyana, ndipo malangizo anga kwa munthu wopanda maikulosikopu yamphamvu ndi akuti azilekera pa dzina la mtundu, osalimbana ndi magulu ake aang'onoang'ono.

Dzina lotsala, Asplenium rutifolium, ndilo lofunika kulitenga mofatsa, pakuti feni imeneyi ndi Asplenium theciferum zimafanana kwambiri, ndipo nthawi zina zimamera m'nkhalango imodzi. Zonse zili ndi chitsa chachifupi choimirira chokhala ndi masamba osonkhana, zonse zimamera pa mitengo ndi pa miyala ya ndere, zonse zili ndi masamba ogawikana mpaka kutsala tizigawo topapatiza, ndipo pa zonsezi kagawo kalikonse kamanyamula chisa chimodzi chokha. Ku South Africa rutifolium amaitcha feni ya karoti chifukwa cha maonekedwe omwe mwafotokozawo, choncho foni siinaganize mopanda nzeru. Kusiyana kwenikweni kuli pa malo a chisa ndi mmene chimatsegukira. Mu rutifolium chisa chimagona m'mbali mwa kagawo, motsatira utali wake. Ndi chachitali kuposa mmene chatambalalira, kakhungu kake kamatseguka m'litali monse kuloza kumphepete, ndipo nsonga ya kagawo imapitirira chisacho bwinobwino. Kagawo kokhako kamakhala kofanana m'lifupi kuyambira kumunsi mpaka kunsonga, ngati kachidutswa ka ulusi wonenepa. Mu theciferum chisa chimakhala kunsonga, ndi chachifupi, pafupifupi milimita imodzi, ndipo m'litali ndi m'lifupi mwake simusiyana kwenikweni. Kakhungu kake kamamatana ndi tsamba pansi ndi m'mbali, n'kusiya kakamwa kotsegukira kunsonga, mopendekera pang'ono. Chifukwa cha kathumbako, kagawo kamatupa kunsonga ngati kasupuni, ndipo kawirikawiri mbali imodzi ya tsamba imatulukira pang'ono pambali pa kakamwako ngati kanyanga kakang'ono.

Njira imene ndimaphunzitsa anthu kuthengo ndi ya phini. Gwirani tsamba mozondotsa, sankhani chisa chimene kakhungu kake kakadali koyererako, ndipo yesani kukatukula ndi nsonga ya phini mukuyang'ana pa galasi lokulitsa. Ngati kakhungu katukuka m'litali ngati chikuto cha buku, muli ndi rutifolium. Ngati phini ilowa kuchokera kunsonga ngati dzanja m'thumba la malaya, ndipo kakhunguko sikatukuka pokhapokha mutakang'amba, muli ndi theciferum. Ndanenetsa za chisa chanthete chifukwa zisa zikakhwima, timatumba ta timbewu timatupa n'kusefukira kunja, kakhungu kamabisika, ndipo mitundu yonse iwiri imangooneka ngati ili ndi timibulu tofiirira. Zithunzi zambiri zimene anthu amajambula ndi za zisa zokhwima zoterezi, chifukwa ndizo zimaonekera patali, ndipo n'zosathandiza kwenikweni. Pa chomera chimodzi nthawi zambiri pamakhala masamba a misinkhu yosiyana, choncho funani tsamba limene langotha kumene kufunyuluka.

Pali zizindikiro zina zothandizira, koma zisakhale zodalirika paokha. Masamba a rutifolium amakonda kukhala aakulu, olimba ndi othithikana, pamene a theciferum ndi ang'onoang'ono, a tizigawo totalikirana, ndipo ukawagwira amamveka onenepa ndi amadzimadzi, monga mwanenera inu. Rutifolium imapirira malo otsika ndi ouma pang'ono, moti kummwera kwa Africa imapezeka mpaka m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja, pamene theciferum imakonda nkhalango za m'mapiri zimene chifunga chimakutira kawirikawiri. Komabe pa phiri ngati la Zomba, pamene nkhalango zoterezi zili pamtunda woyenera mitundu yonse iwiri, kutalika kwa malo sikungathetse mlandu. Chothetsa mlandu ndi chisa.

Mtundu wina umene uli ndi zisa zonga timatumba ndi Asplenium hypomelas, ndipo ndautchula kuti musadzadodome mukadzaupeza. Imeneyi ndi feni yaikulu, ya masamba ofika mita imodzi kapena kuposa, ogawikana kanayi n'kuoneka ngati nsalu ya lesi, ndipo imakonda kumera pa mathunthu a mafeni aatali onga mitengo amene amaima m'mbali mwa mitsinje ya m'mapiri. Chomera cha masamba a masentimita 20 chimene chabereka kale timbewu sichigwirizana ndi msinkhu umenewo.

Malo amene munaipeza akugwirizana bwino ndi theciferum. Feniyi ndi ya m'nkhalango za chifunga, ndipo kwathu kuno nkhalango zoterezi zili ngati tizilumba pamwamba pa mapiri monga Zomba, Mulanje, Ntchisi, Nyika ndi Misuku. Chomera chokhala pa nthambi chilibe dothi losunga madzi, choncho kuyambira mu May mpaka mu October, pamene mvula yeniyeni kulibe, chimadalira chinyezi cha mumlengalenga. Kummwera kwa dziko lino chinyezicho chimabwera ndi chiperoni, mphepo yozizira ya mawawa yochokera kummwera chakuvuma, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chifunga chikamadutsa m'mitengo, timadontho timakodwa pa masamba ndi pa ndere n'kutsetsereka m'nthambi, ndipo ndere zimasunga madziwo ngati siponji. Kunenepa kwa masamba a theciferum kumaithandizanso kupirira masiku ouma a pakati pa chiperoni china ndi chinzake. Ophunzira ena akaona chomera pa mtengo amaganiza kuti chikuyamwa mtengowo monga kaufiti amachitira ndi chimanga, koma si choncho ayi: mizu ya feniyi imangogwira khungwa ndi kulowa mu ndere ndi m'zinyalala zoola zimene zasonkhana pa nthambi, ndipo siiloŵa m'thupi la mtengo. Chinyezi chimafunikanso pa kuberekana. Kambewu kakagwera pamalo ponyowa sikamera feni mwachindunji, koma kamayamba katulutsa kachomera kobiriwira kaphanthiphanthi, kosakwana chikhadabo, kamene kamanyamula ziwalo zachimuna ndi zachikazi, ndipo umuna wake umayenera kusambira m'kamadzi kopyapyala kuti ukafike pa dzira. Nkhalango ikadulidwa mpaka dzuwa ndi mphepo youma kulowa, gawo limeneli ndilo limayamba kulephera, ndipo mafeni akuluakulu akafa sipakhala olowa m'malo mwawo. Ndi chifukwa chake m'minda ya paini ya pa phiri lomwelo simupezamo mafeni a pa nthambi ochuluka ngati a m'timadera ta nkhalango yachilengedwe totsala m'mbali mwa mitsinje.

Chimene chimandichititsa chidwi pa feniyi ndi chakuti mtundu umene munauona pa Mulunguzi umapezekanso m'nkhalango za chifunga za ku Central America ndi za m'mapiri a ku South America, kumene unalongosoledwa koyamba, komanso m'mapiri ambiri a mu Africa ndi ku Madagascar. Zomera za ku Africa mabuku ambiri amaziika m'kagulu kotchedwa concinnum, choncho mukapeza dzina lalitali lakuti Asplenium theciferum var. concinnum, dziwani kuti ndi feni yomweyi. Kufala kotere si kwachilendo pakati pa mafeni, chifukwa timbewu tawo n'tochepa moti makumi awiri kapena kuposa tikhoza kundanda pa milimita imodzi, ndipo mphepo imatha kutinyamula mtunda wautali kwambiri. Asplenium monanthes, imene imamera pansi m'nkhalango zomwezi ndipo imadziwika ndi phesi lakuda lonyezimira ndi kamzere ka timbewu kamodzi kogona kumphepete ya kumunsi kwa katsamba kalikonse, nayonso imapezeka mbali zonse ziwiri za nyanja ya Atlantic.

Poti mudzakhala muli pomwepo ndi galasi m'manja, yang'ananinso nthambi zoyandikana, chifukwa theciferum siikhala yokha. Asplenium sandersonii ili ndi masamba ang'onoang'ono ogawika kamodzi, ndipo msana wa tsamba umapitirira ngati mchira wopanda timasamba n'kubereka kamwana kunsonga, kamene kakakhudza ndere kamazika mizu. Asplenium dregeanum nayo imabereka kamwana pafupi ndi nsonga ya tsamba, koma timasamba take ndi togawikana ngati chipeso. Asplenium mannii ndi kakang'ono kuposa zonsezi, ndipo kamafalikira pa nthambi ndi timinzere tobiriwira topanda masamba tonga ulusi. Kukhala ndi kamwana pa tsamba kapena kusakhala nako ndi chizindikiro chofunika kwambiri m'fukoli, ndipo theciferum ndi rutifolium sizibereka ana pa masamba, choncho mukapeza kamwana pa chomera chimene mukuchiganizira, yambiraninso kufufuza.

Pa za kujambula, chithunzi chimodzi sichikwana. Pafunika cha chomera chonse chili pa nthambi yake, cha tsamba limodzi lotambasulidwa pafupi ndi rula, cha kunsi kwa tsamba chapafupi kwambiri choonetsa zisa zanthete, ndi cha chitsa choonetsa mamba ndi mmene mapesi atulukira. Mukaika galasi lokulitsa patsogolo pa kamera ya foni, chithunzi chachitatucho chimatuluka bwino mokwanira. Ngati mukufuna chitsanzo chosunga kusukulu, kumbukirani kuti phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo kutolamo zomera kumafuna chilolezo cha a Dipatimenti ya Zankhalango. Mukachipeza chilolezocho, musazule chomera chonse pamene pali chimodzi chokha. Tsamba limodzi lokhala ndi zisa, lodulidwa pamodzi ndi tsinde la phesi kuti mamba abwere nawo, limakwanira pa mtundu umenewu. Liikeni pakati pa nyuzipepala, mbali ina ya tsamba yoyang'ana kumwamba ndi ina yozondotsa kuti zisa zizioneka, lipsinjeni ndi mabuku olemera, ndipo muzisintha mapepalawo tsiku ndi tsiku, chifukwa masamba onenepa ngati amenewa amachedwa kuuma ndipo amachita nkhungu msanga nyengo ya chiperoni.

Inu muli ndi mwayi umene aphunzitsi a m'maboma ena alibe, pakuti likulu la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi lili ku Zomba komweko, m'munsi mwa phiri limene munakwera. Kumeneko amasunga zomera zouma zokhala ndi mayina otsimikizidwa, ndipo kuika tsamba lanu pambali pa chitsanzo cha theciferum ndi cha rutifolium kudzakuonetsani kusiyana kwa zisa bwino kuposa mmene ndalongosolera pano. Buku limene akatswiri a chigawo chino akhala akugwiritsa ntchito pa mafeni ndi gawo la Flora Zambesiaca limene analemba E. A. Schelpe mu 1970, lokhudza Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana. M'mabuku a nthawi imeneyo ndi pa zikalata za zitsanzo zakale dzina la feni ya karoti limalembedwa rutaefolium, ndipo ndi chomera chomwecho chimene lero timalemba rutifolium. Popita kumeneko tengani kapepala kolembapo tsiku limene munatola, malo enieni, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja monga foni ikuonetsera, ngati chomeracho chinali pa nthambi, pa thunthu kapena pa mwala, ndi mmene tsamba linkamvekera likadali laliwisi, chifukwa kunenepa kumene munakuona kuja kumatha tsamba likauma.